Mbale imene ndinanyamula pa esiteti

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga pa holide ya Fomu 3. Iwo ankasankha fodya pa esiteti ina kufupi ndi kwathu ku Simlemba, ndipo anandiperekeza kwa kapitawo, a Chirwa. A Chirwa anayang'ana manja anga n'kuseka. "Manja ogwira bolopeni awa? Chabwino, tiona."

Fodya akauma m'chigafa, amuna ankatsitsa mikangala, timitengo topachikapo fodya, m'mamawa masamba akadali ofewa. Ife tinkakhala pansi m'shedi n'kumasankha: masamba apansi paokha, apakati paokha, ong'ambika ndi obiriwira pambali. Ofanana mtundu ndi kutalika tinkawamanga m'timitolo totchedwa ndindi, kenako amuna ankazipanikiza pa jeke kuti likhale belo. Pofika masana zala zinkada bii, mphuno zikuyabwa.

Chaka chimenecho chinali cha zisankho. Tsiku lina a Chirwa anatiuza kuti antchito tonse tisonkhe, tithandize bambo wina amene ankaimira uphungu. "Akapambana, aliyense pano kuponi yake ya fetereza, osagawana thumba ndi munthu," anatero. Anatidula pa malipiro. Sindinadandaule. Amayi ndi amasiye, ndipo munda wathu popanda fetereza subereka kanthu.

Bamboyo atabwera kudzachititsa msonkhano pa esiteti, a Chirwa anasankha ine kuti ndipereke choperekacho chifukwa ndine wa sukulu. Anandiveka nsalu ya chipani, envelopu ya ndalamazo ili m'mbale yovindikira. Ndinayenda pamaso pa khamu lonse n'kugwada, mtima uli myaa. Apo bwana wa esiteti anatenga chimkuzamawu: "Kamphatso aka n'kochokera kwa ine ndi banja langa." Ndili chigwadire ndinayang'ana azakhali. Anazolika.

Bamboyo sanapambane.

Mvula itayandikira, ndinaperekeza amayi ku bwalo la sukulu ya pulaimale kumene ankaitana mayina a olandira makuponi. Tinakhala padzuwa mpaka dzina lomaliza. La amayi, limene linkatuluka chaka chilichonse, silinatuluke. Amayi anapita kwa wapampando wa komiti ya m'mudzi, bambo amene timapemphera nawo mpingo umodzi.

"Pepani, kapena mwandidumpha?"

"Sitinakudumpheni, mayi. Mwana wanu tinamuona tonse akugwada ndi mbale. Akupatseni yemwe munamupatsa uja."

Anthu anaseka. Amayi anangomanga bwino chitenje chawo n'kunyamuka.

Ine ndinathamangira ku esiteti, ndikukhulupirirabe kuti akandimva. Pageti ndinapeza galimoto ya bwana itakutidwa nsalu ya chipani chopambana. Mlonda anandinong'oneza kuti bwana anapereka mbali zonse ziwiri, kungoti mbali inayo anapereka mwakachetechete.

"Achimwene, nanga makuponi munatilonjeza aja?" ndinafunsa a Chirwa.

"Iwe mtsikana, ndine boma ine? Fodya anatha, bwera chaka chamawa."

Chaka chimenecho chimanga chathu chinachita chikasu chisanafike m'chiuno. Amayi anagulitsa mbuzi kuti ndisasiye sukulu, ndipo sanandidzudzulepo. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

Ndikufunabe kudzakhala mphunzitsi, ndipo kusonkha sindinasiye. Pamaliro ndi kutchalitchi ndimapereka. Koma pa ntchito akadzati tisonkhere wandale, ndidzayamba ndafunsa kuti zikavuta adzagona ndi njala ndani. Bwana ali ndi nsalu ziwiri. Ife m'mudzi amatidziwa ndi nkhope imodzi.