Madzi Oundana Anabweza Tullio

Ermete Dallago anali wojambula zithunzi m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, kumpoto kwa Italy. Kumtunda kwa mudziwo kunali madzi oundana odzaza chigwa chonse, osasungunuka ngakhale dzuwa liswe mtengo. Alendo akabwera, mng'ono wake wa Ermete, Tullio, ankawatsogolera kukwera pamadzi oundanawo atawamanga pachingwe, Ermete n'kumawajambula.

Chaka china Tullio, asanakwatire n'komwe, anagwera mumng'alu wa madzi oundanawo. Anthu anatsitsa zingwe mpaka zinatha, koma sanamupeze. Mayi awo anamwalira osaona manda a mwana wawo.

Ermete sanasiye kukwera. Nyengo yotentha iliyonse ankaima pamwala womwewo n'kujambula. Atakalamba, akayala zithunzizo patebulo ankaona poyera pakucheperachepera, miyala yakuda ikuchuluka. Alendo nawo anayamba kusowa.

"Mukukajambulanso matope, bambo?" ankatero mkazi wake Gilda. "Agule ndani? Mawondo akulirawo, akakutolani ndani kumeneko?"

"Takasani nsima yanu ya polentayo, mayi. Za phiri zisiyeni."

Tsiku lina Remo, woweta ng'ombe, anatsika ali wefuwefu.

"Madala, kumtunda kwatuluka munthu. Nsapato zake n'zachikale, zija zamisomali."

Ermete anakwera ndi ndodo, akupumira m'njira. Pamalo pamene kale madzi oundana ankatalika kuposa tchalitchi, anapezapo matope okhaokha. Madzi oundanawo anali atamusunga Tullio osawola zaka zonsezi, ndipo anali gone chammbali, khungu litauma ngati chikopa, koma tsitsi lili bii, chingwe chikadali m'chiuno. Nkhalamba ya imvi inagwada pafupi ndi mnyamatayo.

"Mphwanga, wachedwatu," anatero Ermete. "Anzako onse anatha. Akudziwe ndani tsopano?"

Kamera inali pakhosi, koma sanaikhudze. Anavula jekete lake n'kumufunditsa kumaso, nakhala pomwepo mpaka apolisi anafika.

Pamaliro panabwera anthu ochepa, ambiri a iwo ongofuna kuona. Chaka chotsatira kamtsinje kochokera kuphiri kanaphwa udzu usanakhwime. Remo anagulitsa ng'ombe zake n'kupita kukagwira ntchito kutawuni. Ermete anatseka sitolo yake ya zithunzi, ndipo posakhalitsa maso ake anachita khungu. Ankakhala pakhonde n'kumafunsa Gilda ngati kumtunda kukuonekabe poyera.

"Kachigamba kokha," Gilda ankamuyankha, ngakhale pamene kachigambako kanali katatha.