Mayi Zdenka ndi Mabini a Wophika Buledi

Mayi Zdenka Balog anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri pawindo logulitsira matikiti pa siteshoni ya sitima m'tauni yathu ino. Anthu ankawadziwira magalasi awo olendewera pachingwe ndi liwu lawo lija lakuti, "Wotsatira!" Atapuma pantchito ankakhala ndi amuna awo, a Stipe, pansanjika yachinayi m'nyumba yopanda chikepe. A Stipe atachita sitiroko n'kufa mwendo ndi mkono wakumanzere, masitepe aja analephereka. Mayiwo anasiyira nyumbayo mwana wa mchemwali wawo, n'kupeza ya lendi yapansi, yogundana mpanda ndi yanga.

Nyumbayo inali yabwino ndithu, vuto linali mabini a zinyalala. Amene ankakhalamo poyamba, Fatmir, ankaphika buledi ndi burek, zitumbuwa zanyama za kuno, m'chipinda chakumaso n'kumagulitsira pawindo. Atatopa nazo ananyamuka ndi banja lake kupita ku Germany, kusiya mabini asanu akuluakulu amatayala, ofika munthu m'chifuwa. Anandanda m'kanjira kopapatiza ka pakati pa khoma ndi mpanda, komwe n'kokhako kotulukira kumsewu. Munthu ankadutsa cham'mbali, koma chikuku cha a Stipe ayi.

Tsiku lililonse lopita kuchipatala, ine ndi mayiwo tinkayamba takankhira mabini onse kumsewu, kudutsitsa chikuku, kenaka n'kuwabwezera, poti kuwasiya kunja tsiku losatola zinyalala n'koletsedwa. Pobwera, chimodzimodzi.

"Zdenka, lendi uzipereka kwa awa," a Stipe ankatero ndi lilime lawo lolemera, akuloza mabiniwo ndi chibwano. "Eni nyumba ndi amenewa."

"Khala chete iwe, kweza phazi lingakodwe," mayiwo ankayankha.

Poyamba anaimba foni ku kampani yotola zinyalala. Podikira kuyankhidwa anamvetsera nyimbo ya pafonipo mpaka khofi kuzizira, ndipo atawayankha anauzidwa kuti apite okha ku ofesi. Anavala chikhoti chawo chakuda, n'kunyamula kalata ya lendi. Pawindo anapeza mtsikana wa zikhadabo zazitali zopenta.

"Mabiniwa ali m'dzina la Bambo Fatmir," anatero mtsikanayo atayang'ana pakompyuta. "Abwere okha adzasaine."

"Ali ku Germany."

"Ndiye abwere eni nyumba."

"Eni nyumba ali kosungira okalamba ku Osijek. Sazindikira ngakhale mwana wawo."

"Pepani Mayi Balog, apa ndiye kompyuta siyilola."

Wina akanamenya tebulo. Mayi Zdenka anangovala magalasi n'kuweramira pawindopo.

"Mwana wanga, ine ndakalambira kuseri kwa galasi ngati limeneli. Ndikudziwa kuti pali pepala lina lake loti ukangoliona uvomera. Tangondiuza, ndi pepala lanji?"

Mtsikanayo anaseka pang'ono, n'kupita kukafunsa m'chipinda cham'kati. Anabwera ndi yankho: kalata yosainidwa ndi Fatmir, chithunzi cha chiphaso chake, ndi nambala yolembedwa pa bini lililonse.

Nambala ya foni ya Fatmir inalibe woidziwa mumsewu wathu. Koma mayiwo ankadziwa kuti ophika buledi a kuno ambiri ndi pachibale. Anayenda shopu ndi shopu, akugula kabanzi kamodzikamodzi kuti asafunse chimanjamanja. Pashopu yachitatu anapeza mlamu wake wa Fatmir, yemwe poyamba anakana kuti samudziwa, poganiza kuti pali mlandu. Atamva kuti nkhani ndi mabini, anaseka n'kulemba nambalayo papepala lokulungira buledi.

"Azakhali, mabini aja akadali pompo?" anadabwa Fatmir pafoni. "Ine ndinkayesa anabwera kale kudzatenga!"

"Abwera bwanji osawauza? Tenga cholembera, ndikuuze zolemba."

Kalatayo inatenga masabata atatu. Pa nthawi imeneyi anthu a mumsewu anali atazolowera kale kuti kwa Fatmir kuli mabini opanda mwini, ndipo geti silinkakhomedwa. Wina ankataya matewera, wina mitu ya nsomba. Ndisabise, inenso ndinali nditaponyamo nthambi za mapulamu kawiri konse. M'mawa wina mayiwo anandiitana pampanda.

"Aneba, mumsewu muno wa mtengo wa mapulamu ndi inu nokha. Bwerani mudzatenge katundu wanu."

Ndinakazitola. Masana omwewo ndinawagulira loko wa pageti n'kuwaikira ndekha.

Kalata itafika, tinapendeketsa mabini aja kufuna manambala. Pa anayi tinawapeza, koma pa lachisanu, lobiriwira, panalibe kalikonse. Mayiwo analemba anayiwo n'kuwonjezera pansi kuti, "ndi lina lopanda nambala". Mtsikana wa pawindo uja anadinda chidindo n'kunena kuti galimoto ibwera.

Lachinayi lotsatira galimoto inabweradi. Tinatulutsa mabini onse mosangalala. Amuna awiri anawakoleka kumbuyo kwa galimotoyo, kuwakhuthula bwinobwino, n'kuwaimikanso pageti.

"Iyayi, tengani onse!" anakuwa Mayi Zdenka, pepala lili m'manja.

"Ife ndife okhuthula, azakhali. Onyamula ndi ena, a lole yapululu."

Tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinawaona atakhala pansi pa sitepe, manja ali pamaondo. A Stipe, amene ankaonerera pawindo, sanaponye nthabwala. Patapita kanthawi mayiwo anadzuka, n'kunena kuti tiwabwezere m'kanjira muja. Kuyambira mawa lake ankaimba foni tsiku ndi tsiku ofesi ikangotsegulidwa, mwaulemu, mawu ake omwewo, mpaka onse a kumeneko anayamba kuwazindikira asanatchule dzina.

Lole ija inafika Lachiwiri lina mu Epulo. Dalaivala wake, bambo wonenepa wa ndevu zaimvi, anakweza anayi, n'kuima pa lobiriwira lija.

"Ili silathu. Onani, ngakhale chizindikiro cha kampani palibe. Ndikakalitsitsa kuntchito kwathu akandifunsa kuti ndaliba kuti."

Mayiwo anaimbiranso Fatmir pomwepo. Iye anakumbukira kuti limenelo anagula yekha kusitolo, ankasungiramo matumba a ufa. Anati alipereke kwa aliyense wolifuna. Dalaivala anamwa kakapu ka khofi ataimirira, n'kukana rakija, kachasu wa kuno, poti anali pantchito, n'kumapita. Bini lotsalalo ndinalikokera kwathu, kuseri kwa shedi, ndipo mkazi wanga mpaka lero amandifunsa kuti n'lachiyani.

Mayi Zdenka anatsuka kanjirako ndi bulashi ndi madzi otentha. Kutauma, anaveka amuna awo chipewa n'kuwakankha kutuluka pageti popanda kuitana munthu, ulendo wa kometetsa tsitsi.

Koma poti pangano la Fatmir ndi kampani yotola zinyalala linali litatsekedwa, nyumbayo inatsala yopanda bini ngakhale limodzi. Laling'ono la iwo eni anayenera kulipempha pa fomu ina, ndipo linabwera patatha mwezi. Masiku onsewo ankandipatsira kathumba ka zinyalala pamwamba pa mpanda m'mawa uliwonse, katamangidwa mfundo ziwiri.