Mkamwini m'chitsime cha ku Chulu

Ndinanyamuka pa Kasungu Boma m'mamawa nditasenza thumba la feteleza wa makuponi, la apongozi anga a ku Chulu. Mkazi wanga anatsala ndi khanda. Kwawoko ankanditcha mkamwini wa manja ofewa poti ndimagulitsa m'sitolo, ndipo dzinali linkandiwawa. Ulendo uno ndinati ndikalifafanize.

Chida ndinali nacho. Msuweni wanga wokwera nsanja za mafoni anali atandiphunzitsa mfundo yokwerera chingwe: kachingwe kakang'ono umakakulunga katatu pa chingwe chachikulu. Ukakankha ndi dzanja kamatsetsereka, ukapondapo kamaluma osasuntha. Ndinkayeserera pa mwendo wa bedi mpaka mkazi wanga kudandaula.

Pa lole ya matola anati munthu K500, thumba K200. "Ameneyu ndi wa boma, salipira," anatero bambo ena akusisita thumba lawo, koma kondakitala sanaseke. Tinadutsa zigafa zopanda kanthu ndi nazale za fodya, fumbi lili koboo. Potsikira ndinagula zitumbuwa ziwiri. Thumba linakwera kabaza, atalimanga ndi legeni, mphira ya tayala ija, mwiniwakene ndikutsatira wapansi.

Tinafika dzuwa lili paliwombo n'kupeza anthu ataunjikana pa chitsime cha kudimba. Mbuzi ya apongozi inali itagweramo, ikulira m'matope. Ndinakondwa, ndisaname. Ndinavula nsapato, alamu anga anamanga chingwe cha ngolo ku mtengo wa mango, ine tsetsereku. Mbuzi ndinaimanga pachifuwa, anaikoka, inatuluka yamoyo.

"Alamu, gwirani tikukokeni," anatero akuponyanso chingwe.

"Ayi, chisiyeni chomangidwa kumtengoko, ndikwera ndekha. Mungondiponyera kachingwe kakang'ono."

Ku Chulu kachingwe kakang'ono ndi legeni. Wa kabaza anamasula yake n'kuponya, ine osaganiza kawiri. Ndinakulunga katatu mwaukatswiri, ndinaponda. Mfundo inaluma ndithu, koma mphira inatamuka, phazi n'kubwerera m'matope momwe linachoka. Ndinayesanso, ndinayesanso, kumangodumpha ngati chule. Amayi otunga madzi anaseka mpaka kugwira nthiti.

Mapeto ake anandikoka monga anakokera mbuzi, chingwe chili m'khwapa.

Madzulo apongozi anagwada chapatali, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wake. "Mwatithandiza, bambo," anatero. "Mbuziyo imathawa mpeni, timafuna tiphere inuyo. Koma poti mwaipulumutsa nokha, sitingaiphenso."

Ndinadya nkhwani wotendera, mbuzi ikundiyang'ana ili pakhomo.

Pobwerera mawa lake, pamwamba pa lole, ndinavomereza kuti mfundo ya pa mwendo wa bedi ndi ina, ya m'chitsime ndi ina. Koma chimene ndinapitira chinatheka: dzina la manja ofewa lija linatheratu. Ku Chulu konse tsopano ndine aLegeni.