Amayi Anga M'kati mwa Opera

Zaka zimene boma la Tanzania linalola anthu wamba kutsegula nyumba za wailesi, ine ndinkagwira ntchito m'kasitudiyo kena ku Sinza, kuseri kwa bala. Aliyense wogulitsa sopo, mafuta ophikira kapena matayala ankafuna kumveka pa wailesi, ndiye ife tinkangokhalira kujambula malonda tsiku lonse. M'makoma tinamata matireyi a mazira kuti phokoso la madaladala, maminibasi a kumeneko, lisalowe, koma linkalowabe basi. Ukati wajambula bwino, kondakitala wakuwa kale panja.

Opera, nyimbo ya azungu ija, ndinaidziwira ku Msasani, kwa mzungu wina wokalamba wa ku Italy amene abwana anandituma kukamukonzera masipika. Poyesa masipikawo iye anaika kaseti, ndipo munatuluka mawu a mzimayi. Abale inu! Mawu kukwera, kukwerabe, ine n'kumati apa ndiye athyoka, koma ayi ndithu. Chilankhulo chake sindinamve ngakhale liwu limodzi, ndinangoti kakasi waya ali m'manja. Mkulu uja anaseka n'kundipatsa kasetiyo kuti ikhale yanga.

Kasetiyo ndinkaikonda zosachita kunena. Anzanga kuntchito ankandigemula kuti Mmalawi wayamba kuponda mphaka mchira, ine osawalabadira. M'masitolo a m'tauni yonse simukanapeza ina yotero, choncho ndinathyola timano tiwiri ta pamwamba pake, paja kaseti yopanda timano sijambulika.

Amayi anga kumudzi ku Ntcheu sankadziwa kuwerenga, ndiye tinkalankhulana pa makaseti. Ine ndinkajambula mawu anga tikaweruka, dalaivala wina wa lole, mnzathu wa kwathu komweko, n'kukawasiyira. Mlongo wanga ankawajambula amayi pa kaseti yomweyo n'kubweza. Tsiku lina dalaivalayu anafika akuliza hutala, akuti katundu wapakira kale kudoko, sadikira munthu. Ine ndinangotsomphola kaseti m'makina n'kumuponyera pawindo. Nditabwerera m'kati ndinapeza ya uthenga wanga ili phee patebulo, ya opera ndiye itapita.

Ndinalusa! Ndinakalipira dalaivala amene anali atapita kale, ndinakalipira hutala wake, mpaka abwana anati ndikamwe madzi. Foni kumudzi kunalibe. Chondilimbitsa mtima chinali chimodzi, timano tija.

Patapita masabata dalaivala anabwera akungosekerera, kathumba ka nyemba kali paphewa.

“Achimwene, pepani ndi zovutazi,” anatero. “Nyembazi akuti n'za pamaliro.”

“Maliro a ndani?”

“Mverani nokha. Ine ndinayesa kuwafotokozera, koma anati dalaivala sangadziwe za m'nyumba mwa eni.”

Nditayang'ana kasetiyo mtima unangoti myuu. Pa mabowo a timano panali selotepi, yomatidwa bwinobwino kuti kasetiyo ijambulikenso. Nzeru imeneyo ndinamuphunzitsa mlongo wanga ndine ndemwe.

Ndinaiika m'makina. Nyimbo inayamba bwino, zeze wa azungu akulira pansipansi, mzimayi uja n'kuyamba kukwera. Atangofika pamene ndinkapakonda kwambiri, kunamveka kuti khe! Kenako tambala, kenako amayi akutsokomola.

“Mwana wanga, uthenga wako tamva. Nanga wamwalira ndani kumeneko, iwe osanena? Ife kuno tinasonkhana azimayi a m'mudzi muno, tamuthandiza kulira mnzathuyu, paja munthu salira yekha. Amalira bwino ndithu, ngakhale aphungu a Mvano agwetsa misozi. Koma umuuze azipumira, adzadwala chifuwa. Komanso polira timatchulako womwalirayo kuti anthu adziwe. Iwe ukhale naye pafupi, ndiwe mlendo kumeneko, mawa odzakulirira ndi omwewo.”

Khe! Opera n'kupitirira ngati palibe chachitika.

Anzanga anagwa nazo pansi kuseka nditawamasulira m'Chiswahili. Ine ndinayesa kukwiya, koma zinandikanika, ndinaseka mpaka misozi. Nyembazo ndinakapereka kwa mzungu uja, ndinati chipepeso chafika kwa eni ake a maliro. Anamvetsera mawu a amayi kawiri konse ine ndikumumasulira, n'kunena kuti mzimayi wa m'nyimboyo ankaliradi mwana wake, ndiye amayi sanalakwitse.

Pambuyo pake mkuluyo anandijambulira kuchokera pa chimbale chake kaseti ina yathunthu, yomveka bwino kuposa yoyamba ija. Ndimaimvera mpaka pano. Koma mawu aja akayamba kukwera, khutu langa limadikira tambala ndi kutsokomola kuja, ndipo zikapanda kubwera ndimaona ngati nyimboyo yaperewera. Amayi anatisiya kalekale. Ndikawasowa ndimatenga ya selotepi ija.