Amayi pa thabwa la desiki

Giredi naini ndinalephera mochititsa mantha. Ndikukhulupirira kuti amene ankachonga mapepala anga anapempha tchuthi kuti akapume. N'chifukwa chake chaka chino ndili pamseu pa Chinyunyu ndi beseni la nthochi, kuthamangitsana ndi mabasi a ku Chipata. Koma za nthochi zisiyeni. Ndikufuna kulemba za ba ticha athu a nyimbo, amene tinawaika m'manda mwezi watha.

Anali aatali moti akamaimbitsa kwaya, dzanja linkaopseza malata. Akatsitsa mawu pansi, mbuzi za kuseri kwa sukulu zinkasiya kudya. Pakati pa sabata ankatiphunzitsa, Sande ankaimba kutchalitchi, Loweruka ankajambula makoma a magolosale a pamseu. Nkhuku yomwe anajambula pakhoma la malo odyera, galu wina anaiuwa masiku asanu ndi awiri, ndinaona ndi maso angawa. Ine ankanditcha wailesi. "Iwe wailesi, tsitsa voliyumu, anzako amve alito!"

Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ba ticha asanabwere kuno. Chithunzi chawo chinali chimodzi chabe, cha pa reji, chitupa cha boma chija, ndipo chiswe chinadya rejiyo pamodzi ndi sutikesi. Tsiku lina ndikudikira basi ndinatseka maso kuti ndiwaone. Duku ndinaliona, manja ndinawaona, koma pankhope panali utsi wokhawokha. Ndinachita mantha. Atate kuwafunsa, iyayi. Ukangotchula amayi amatenga khasu n'kupita kumunda, ngakhale mu Okutobala.

Ndiye ndinapita kunyumba za aticha.

"Ba ticha, mungajambule munthu amene simunamuonepo?"

"Ngati wondiuza ali ndi maso, inde. Ngati ali ndi pakamwa pokha ngati iwe, tivutika."

Anatenga thabwa la desiki yothyoka, analipaka penti yoyera, tinagwirizana kuti Lachitatu lililonse masana ndizibwera pakhonde pawo.

"Maso awo anali otani?"

"Aakulu, ba ticha! Ngati malaiti a lole."

Sanatsutse. Lachitatu lotsatira ndinapeza kadzidzi wovala duku akundiyang'ana pathabwa.

"Amenewa si amayi anga!"

"Ndi amayi a pakamwa pako. Tiyambirenso."

Anapakanso yoyera. Ndinati khosi linali lalitali ngati mlongoti, anajambula mlongoti. Ndinati akamwetulira dzuwa linkachita manyazi, anafunsa ngati ndili ndi penti ya manyazi m'thumba. Ankaseka mpaka kugwira nthiti, mayi akunyumba kwawo n'kutuluka kudzatikalipira kuti tikudzutsa mwana. Ine ndinkanyada kuti ndikuwaseketsa. Zoona zake, ndinkaopa kunena mawu amodzi: sindikukumbuka. Mwana wanji woiwala nkhope ya mayi wake? Bola kunama.

Miyezi iwiri inatha choncho. Kuseka kwawo kunayamba kuthera m'chifuwa, jekete linayamba kulendewera ngati lili pa msomali. Ine amene ndimatha kusandutsa nyerere kukhala njovu, ichi chokha ndinachichepetsa. Ndinati ndi kachifuwa chabe, fumbi la choko.

Lachitatu lina sanaseke. Anaika burashi pansi.

"Mwanawe, penti ikutha, nanenso si ine wa simenti. Leka kundiuza mmene ankaonekera. Imba zomwe ankaimba."

"Ba ticha, mukudziwa kuti ndikaimba achule amasamuka."

"Asamuke. Imba."

Ndinayamba kanyimbo komwe amayi ankaimba akamapeta chimanga. Sindinafike pakati. Mawu anathawa, mamina anabwera, ndipo zinthu zinayamba kutuluka zokha: kuti mphumi yawo inali yotakata, kuti maso anali aang'ono ndithu, otsinzina pang'ono chifukwa cha utsi, kuti pamwamba pa diso lamanzere panali kachipsera. Ba ticha sanandiyang'ane n'komwe, dzanja linali kuthamanga. Dzuwa lisanapendeke, maso aja anali kundiyang'ana. Enieniwo. Ndinabisa beseni kumbuyo, chifukwa linali losatsuka.

"Pakamwa Lachitatu," anatero akupukuta manja. "Ubwere ndi zoona zokhazokha."

Lolemba anawakweza minibasi kupita kuchipatala ku Mpanshya. Lachitatu ndinabwerabe, ndinakhala pakhonde ndi zoona zanga mpaka ana a sukulu ataweruka. Kuchipatalako ba ticha anakhalako masabata atatu. Anabwera m'bokosi.

Pamaliro panali anthu ochuluka moti ndikuganiza mseu wonse wa ku Chipata unatsala wopanda munthu. Kwaya inaima m'mizere iwiri, aliyense atakoka mpweya, kudikira dzanja loti tiyambe. Tinadikira. Ndinamva mwana akuyamwa kumbuyo kwenikweni. Kenako mayi wina wa kutchalitchi anangoyamba yekha, mokwera kwambiri, ife n'kumutsatira ngati nkhuku zothawa mvula. Akanakhalapo akanatiimitsa katatu.

Mawa lake abale awo ochokera kutauni anagawana katundu. Gitala, njinga, ngakhale zitini za penti youma, zonse pa vaneti. Thabwa langa analiponya pa mulu wa nkhuni. Mayi amasiye analitola, analikulunga m'chitenje, anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Tenga, wailesi. Kuchipatala ankangonena kuti ali ndi ntchito yako. Ati pepa."

Iwo kundipepesa ine. Ine amene ndinadya miyezi iwiri ndi malaiti a lole.

Kunyumba ndinapeza atate akukonola chimanga pamphasa. Ndinangofunyulula chitenje ndi kutsamiritsa thabwa pa mtondo. Ndinadikira kuti atenge khasu. Sanatenge. Anayang'ana nthawi yaitali, chitsononkho chili m'manja, kenako anaika chala pa kachipsera kaja.

"Nkhuni imeneyi ndinkawaza ndine," anatero. "Kachidutswa kanathawa."

Chala chinatsika mpaka pamalo poyera, pansi pa mphuno.

"Nanga pakamwa?"

"Ndinachedwetsa, atate."

Kenako atate amene zaka zonsezi sanatchulepo amayi anayamba kulankhula. Ati mlomo wa m'munsi unali wonenepa pang'ono kuposa wa m'mwamba. Ati panali kampata pakati pa mano, ndipo akamaseka ankaphimba ndi dzanja. Ati akakwiya pakamwa pankapendekera kumanja. Ankanena pang'onopang'ono, osawonjeza ngakhale kamodzi, ndendende mmene ba ticha ankafunira. Ndinamvetsera zonse, ndinaloweza, ndinazibwereza mumtima ngati za mayeso. Ndinafika poimirira kuti ndithamange nazo.

Nyumba ya ba ticha ija ili ndi loko. Akuti ticha watsopano alowa temu ya mawa, wa masamu.