Gulu Lomwe Woluka Ankalankhulamo Yekha

Mipando inangoti mbwee mu holo, koma anthu okhalapo panalibe. Amene anabwera anali apampando a chipani m'deralo, mayi wina amene ankangofuna mthunzi, ndi mlembi wa nthambi, mtsikana amene aliyense ankamutchula kuti Woluka chifukwa ntchito yake inali yoluka tsitsi.

Woluka sanakhazikike. Kutuluka, kusuzumira kumsewu, kubwerera, kuwongola nsalu ya patebulo yomwe inali yowongoka kale, kutsegulanso foni. M'gulu la chipani la pa WhatsApp munali anthu ambirimbiri, ndipo onse anali ataona uthenga woitanira msonkhano. Nanga anali kuti?

Apampando sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamuwawa kwambiri. Anangonyamula chikwama chawo n'kunena kuti zikadzateronso mwezi wamawa, nthambiyo adzaitseka.

Mwina kwa inu ulembi wa nthambi si kanthu. Koma Woluka sukulu anailekera panjira atalephera mayeso, ndipo kuyambira pamenepo ankangodziona ngati munthu wolephera. Ulembiwo unali chinthu choyamba chimene anthu anamukhulupirira nacho. Tsopano nachonso chinali kumupulumuka m'manja.

Kulimbikira ankalimbikira ndithu. M'mawa uthenga, masana zithunzi za atsogoleri, madzulo uthenga wina wautali ngati ulaliki. Koma poopa kutukwanidwa, komanso poopa kuti anthu aziseka kalembedwe kake, gululo analitseka kuti azilembamo iye yekha.

Mawa lake ku saluni mtima sunali m'malo. Ankakoka tsitsi mpaka kasitomala anafunsa ngati anamulakwira. Mkulu wake wa Woluka, amene ankagwira naye ntchito, anamuyang'ana cham'mbali.

"Iwe, ukuganiza kuti anthu amabwera muno chifukwa cha tsitsi lokha? Amabwera chifukwa umawasiya alongolole zakukhosi. Ndiye kugulu kuja unawatsekeranji pakamwa?"

Woluka anayankha kuti akatsegula amudya wamoyo. Mkulu wakeyo anati bola kudyedwa kusiyana ndi kulalikira mipando.

Woluka anatsegula gululo. Foni inayamba kunjenjemera pashelefu osapuma, ndipo munalibe mawu okoma ngakhale amodzi. Wina anati chipani chimawakumbukira chisankho chikayandikira basi. Wina anafunsa za magetsi akumsika omwe anazima kalekale. Bambo wina wowotcherera zitsulo anatumiza chithunzi cha ngalande yotsekeka pafupi ndi shopu yake, madzi onunkha ali tho, n'kuwonjezera kuti mlembi ayambe waphunzira kulemba asanaphunzitse anthu ndale.

Apa pokha panamulasa. Anafuna kutsekanso gululo nthawi yomweyo, koma manja anali mafuta okhaokha, tsitsi la kasitomala lili m'zala. Anapitiriza kuluka, mtima ukuwira, kenako ukuzizira. Atafika kumapeto kwa mzere, anadina foni ndi kachala kamodzi kouma n'kujambula mawu, chifukwa kulemba sakanatha.

"Ndamva, bambo. Kulemba ndimalakwitsadi. Sindikulonjezani kanthu, koma Loweruka ndibwera ndi fosholo pangalandepo. Wofuna andipeze."

Loweruka anapita awiri okha ndi mkulu wake. Anajambula matope oyamba amene anatulutsa n'kutumiza kugulu. Wowotcherera uja anatuluka m'shopu kudzaseka, anaima manja m'thumba, kenako anayamba kuwauza kuti fosholo sagwira choncho. Posakhalitsa wilibala inali m'manja mwake.

Kuyambira tsiku limenelo Woluka analeka maulaliki. Ankamvetsera uthenga uliwonse uku akuluka, n'kuyankha ndi mawu ake enieni, phokoso la saluni likumveka kumbuyo. Madandaulo ankawatengera kwa apampando, ndipo yankho ankalibweza monga liliri, ngakhale likhale loti sizitheka. Ena anakwiya n'kutuluka m'gulu. Ena anaitana anzawo, kuphatikizapo amayi akumsika amene mauthenga aatali aja sankawawerenga n'komwe. Kutukwana sikunathe, koma anazindikira kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsiku la msonkhano linafika, ndipo miyendo yake inayambanso zake zija. Pakhomo, kumsewu, patebulo, pakhomo. Nthawi inakwana mu holo muli zii. Anayamba kukonza m'mutu mawu otsanzikira.

Kenako anamva mkangano ukubwera kuchokera kumsewu. Anali amayi akumsika, akutsutsana za magetsi aja asanalowe n'komwe. Kumbuyo kwawo kunali ena, ndi enanso. Mipando inatha, ndipo wowotcherera anabwerera kushopu kukatenga mabenchi, akudandaula njira yonse kuti mlembi sadziwa kukonzekera.

Apampando anayandikira Woluka n'kumunong'oneza: "Anthu onsewa mwawalonjeza chiyani?"

"Palibe, bwana. Ndangowasiya alankhule."

Msonkhano wa tsikulo unali waphokoso, ndipo Woluka anadzudzulidwa pamaso pa onse. Koma za kutseka nthambi palibe anazitchulanso.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwayala mipando yanu ndipo palibe wabwera. Musafulumire kunena kuti ndinu wolephera. Onani kaye ngati simunatseke nokha khomo poopa mawu owawa. Litseguleni, mumve zomwe zikubwerazo, ndipo zikawawa musataye mtima.