Chikwama cha Pansi pa Bedi

Bukulo analisiya dalaivala wa thanki ya mafuta pa benchi ya ofesi yathu ku Songwe, lopanda chikuto, masamba oyamba atathothoka. Ntchito yanga ndi yothandiza amalonda kuwolotsa katundu pachipata cha m'malire, pa mlatho wopita tsidya lina la mtsinje, ndiye magalimoto akachepa ndinkaliwerenga.

Munali nkhani ya msilikali amene analamulidwa kutentha nyumba ya bambo wina yemwe ankamumeta tsitsi kuyambira ali mwana. Mlandu wa wometayo unali woti anabadwira tsidya lina la mtsinje. Msilikaliyo anakana. Dokotala anamuyeza n'kudinda pepala kuti ndi wamisala, ndipo amene anathira petulo n'kuyatsa anapatsidwa mendulo. Ndinaseka ndekha, poti ine chidindo ndimachidziwa, sichikana pepala.

Chaka chimenecho pa wailesi pankangomveka za mkangano wa malire. Abale inu, kunabadwa ngwazi! Amuna oti galu akauwa amatuma mkazi kukasuzumira anayamba kukamba za mfuti pa bawo. Wina wachimimba chake, woti njinga amachita kukankha pa kachitunda ka kumsika, ankati sabata imodzi yokha tikhala titawaphunzitsa a tsidya linalo. Wotsogolera zonsezi anali mkulu wa mpingo wathu, yemwe jekete lake lomwe analigula tsidya lomwelo.

Mkazi wanga ndi wa tsidya lija. Kwawo ndi kwathu timaonerana utsi, chiyankhulo chathu cha Chinkhonde n'chimodzi, maliro timalira limodzi. Zaka makumi awiri mkuluyu ankamutchula kuti alamu, n'kumanyambita zala pa nthochi zake zophika ndi nyama. Koma Lamulungu lina titaweruka, anaima pansi pa mtengo wa mango n'kunena mokweza kuti zikavuta, a tsidya lija tiyenera kuwadziwa mayina, nyumba ndi nyumba. Mkazi wanga anali pomwepo, buku la nyimbo lili m'manja.

Mtima unandiwira. Ndinati, "Abambo, mayinawo muyambire kwanga. Machesi ndikugulirani ndine." Kenaka ndinawafotokozera za msilikali uja ndi wometa tsitsi wake.

Mkuluyo anandiyang'ana momvera chisoni. "Achimwene, mabukuwa akuzunguzani mutu. Kapumuleni."

Anthu anaseka, ena n'kumagwedeza mitu. Basi, nanenso dokotala wanga ndinali nditamupeza, wopanda ndi chidindo chomwe. Wolemba mayina a anansi ake ndiye anali wamutu wabwino, wamisala n'kukhala ine. Zinandinyansa, ndipo mpaka lero zimandinyansabe.

Nkhondo sinabwere. Ngwazi zija zinayambiranso kuwoloka mlatho kukagula zitenje ndi mafuta ophikira. Mkulu uja anayambiranso za alamu, n'kumabwera kudzadya nthochi, mkazi wanga n'kumamugwadira pomupatsa madzi osamba m'manja. Palibe anapepesa. Akuti zinali nkhani chabe zocheza.

Patapita miyezi, ndikufunafuna nsapato pansi pa bedi, ndinakoka chikwama chimene sindinkachidziwa. Munali zitenje ziwiri, mabuku a kuchipatala a ana athu ndi chithunzi cha ukwati wathu. Nditamufunsa, mkazi wanga anati anachilongedza Lamulungu lomwe lija.

"Tulutsani izi, mayi. Zija zinatha," ndinatero.

"Zinatha kwa inu," anayankha, n'kuchibwezera pomwe chinali.

Chikwamacho chikadali pansi pa bedi. Zitenje zikayamba kununkha chinyezi, amazichapa, n'kuzipinda, n'kuzibwezeramo.